Akazi m'Nthano Zaitali za ku Zambia, 2000-2019: Maganizo a Wowerenga wa Kum'mawa

Colinga ca nkhani ino ndi kuunika mabuku anayi a nthano zaitali olembedwa ndi anthu a ku Zambia, amene phata lake ndi moyo wa akazi. Mabukuwo ndi *A Cowrie of Hope* la Binwell Sinyangwe (2000), *Patchwork* la Ellen Banda-Aaku (2011), *The Mourning Bird* la Mubanga Kalimamukwento (2019) ndi *The Old Drift* la Namwali Serpell (2019). Onse anayi analembedwa m'Cingerezi ndipo anasindikizidwa kunja kwa dziko lino. Wina angafunse kuti mphunzitsi wa Cinyanja akufunanji m'munda wa eni ake. Yankho lathu n'lakuti akazi amene akufotokozedwa m'mabukuwa salankhula Cingerezi akamalira maliro, akamatsutsana mtengo pamsika kapena akamakangana ndi apongozi awo. Cingerezi cimene tikuwerengaco ndi covala cabe, ndipo nchito ya wophunzira zinenero ndi kufunsa ngati covalaco cawakwana. Taonjezerapo funso laciwiri: kodi mayi wa ku Chiparamba, kufupi ndi Chipata, atawerengeredwa nthanozi, angadzione m'menemo?

Tisanafike pa mabukuwo tikumbukire kumene tacokera. Nthano yaitali ya m'Cinyanja inabadwira m'manja mwa aphunzitsi a sukulu za mishoni. *Nthondo*, buku la Samuel Josiah Nthara, linatuluka mu 1933 litapambana mpikisano wa bungwe la International Institute of African Languages and Cultures, ndipo ndi mbiri ya mwamuna. Mu 1949 Nthara yemweyo anatulutsa *Nchowa*, m'mene mpangankhani wamkulu ndi mkazi. Kuno kwathu, m'zaka za m'ma 1950, Jacob Zulu analemba *Zomfula Mkazi Wacimasomaso*. Mutu wokhawo ndi wokwanira kutiphunzitsa kanthu: mlandu wagamulidwa kale pacikuto, wowerenga asanamve ndi liwu limodzi lomwe la woimbidwa mlanduyo. M'mabuku ambiri a nyengo imeneyo mkazi anali cenjezo. Amacoka kumudzi, amaonongekera m'tauni, amabwerako ali wodwala kapena sabwerako n'komwe, ndipo ana a sukulu amalemba m'makope mwao phunziro limene atolapo. Sitikunyoza akuluakuluwo, pakuti Cinyanja cao n'cokoma kuposa cimene ambiri a ife timalemba lero. Tikungonena kuti mkazi ankakambidwa, iye osakamba.

Buku la Sinyangwe ndilo lakale pa anayiwa, ndipo kwa ife ndilo loyandikira kwambiri moyo wa kumudzi. Nasula ndi mkazi wamasiye, wosaphunzira, wokhala m'mudzi wa Swelini m'dera la Mbala. Mwamuna wake, Winelo Chiswebe, atafa, abale a mwamunayo analanda cuma conse, namusiya manja lende ndi mwana wake mmodzi, Sula. Tsopano Sula wakhoza mayeso a giredi 9, koma ndalama zomupititsira kusekondale palibe. Nasula atenga thumba lake limodzi la nyemba, napita nalo ku Lusaka pomvera uphungu wa bwenzi lake Nalukwi, ndipo kumsika munthu wina wovala bwino, Gode Silavwe, amubera thumbalo mwacinyengo. Nkhani yonse yagona pa thumba limodzi limeneli.

Apa ndi pamene pali luso la mlembiyu. Sanafune nkhondo kapena imfa zambirimbiri kuti atigwire mtima. Iye akudziwa kuti kwa mlimi wamng'ono thumba limodzi ndi caka cathunthu: kusosa, kubzala, kupalira, kukolola, kupuntha ndi kupeta. Mayi aliyense wa ku Chiparamba amene anasendapo nshawa za Chalimbana mpaka zala kucita matuza, kenaka n'kuona wogula akupotoza sikelo, sangafune womumasulira cifukwa cimene Nasula akukanira kubwerera kwao cimanjamanja. Sinyangwe anaikanso nthanoyi m'nthawi yake yeniyeni, zaka za m'ma 1990, pamene boma linacotsa dzanja lake pa feteleza ndi pa misika ya mbewu, makampani a boma akugulitsidwa, anthu akucotsedwa nchito, ndipo matenda a Edzi akulowa nyumba ndi nyumba. Mlamu wake wa Nasula amene anamulanda cuma uja, Isaki, tikumupeza ali gone, matenda atamutha, ndipo cuma colandaco capita kale. Mlembi sakutiuza kuti tisekere, ndiponso Nasula sakusekera.

Komabe mathero a bukuli satikhutiritsa. Nasula apeza cilungamo cifukwa mkulu wina wa apolisi wapezeka kuti ndi woongoka mtima, nakakamiza wakubayo kulipira. Zoterezi zimacitika, koma kawirikawiri sizicitika, ndipo mlembi amene watha masamba ambiri akutionetsa kuti dziko laola sangatipulumutse ndi munthu mmodzi wabwino wotulukira pamapeto. Cinanso, Nasula ndi woyera mtima mopitirira. Sanama, sacita nsanje, saganizako za thupi lake kapena za cimwemwe cake. Moyo wake wonse ndi Sula. Tikaonetsetsa, ameneyu ndi Zomfula wotembenuzidwa: kale mkazi anali citsanzo ca zoipa, tsopano wakhala citsanzo ca zabwino, koma akadali citsanzo. Mwina sitikulakwa kukumbukira kuti pa alembi anayiwa, Sinyangwe yekha ndiye mwamuna.

Pali mfundo imodzi m'bukuli yofunika kuifutukula, cifukwa ikukhudza dera lathu mosiyana. Kulanda cuma ca amasiye kunali kofala kotero kuti mu 1989 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la Intestate Succession Act. Lamuloli limati munthu akafa wosasiya wilo, magawo 50 pa 100 alionse a cuma cake apite kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsalayo, 20 kwa makolo ndipo 10 kwa ena amene ankadalira malemuyo. Norah Mumba anafotokoza zowawa za umasiye m'buku lake la *A Song in the Night* mu 1992, ndipo amene analiwerenga sadzadabwa ndi zimene zinagwera Nasula. Koma lamulo la 1989 silikhudza malo a mafumu, ndiye kuti munda, umene ndi cuma ceniceni ca munthu wa kumudzi, umatsata mwambo. Tsono kuno Kum'mawa miyambo ndi iwiri yokhalirana pafupi. Kwa Acewa mtundu umatsata kucikazi: pa ukwati wa cikamwini mwamuna ndiye mlendo, ndipo akafa, mkazi amatsala pamudzi pake, m'munda wa amayi ake, pansi pa nkhoswe yake. Kwa Angoni a Mpezeni, kumene amapereka malobolo, ana ndi a kucimuna ndipo mkazi ndiye wobwera. M'midzi yozungulira Chipata miyambo iwiriyi yakwatirana kwa zaka zoposa 100, kotero kuti pamaliro amodzi mbali ina ikhoza kunena za mbumba pamene ina ikunena za ng'ombe zimene zinaperekedwa. Mkazi woima pakati pa milandu iwiriyi, amene kwao ndi mwini nthaka koma kwa mwamuna wake ndi mtengwa, sitinamupeze m'buku lililonse mwa anayiwa. Mlongo wake amene amayenera kumuteteza, koma nthawi zina ndiye woyamba kugulitsa munda wa mbumba, nayenso mulibe. Imeneyi ndi nthano yaitali imene ikudikira mlembi wake.

Tionjezere pang'ono kuti vuto lenileni la Nasula, ndalama za sukulu, linasintha nkhope mu 2022 pamene boma linacotsa malipiro m'sukulu zake kufikira giredi 12. Wophunzira wa lero ayenera kuuzidwa zimenezi kuti amvetse bukuli, monga momwe timamuuzira za msonkho wa nyumba tikamawerenga mabuku a nthawi ya atsamunda.

*Patchwork* ndi buku la mtundu wina, ndipo m'maganizo athu ndilo lopambana pa anayiwa. Linalandira mphoto ya Penguin Prize for African Writing mu 2010 lisanasindikizidwe. Wofotokoza nkhani ndi mwini nkhaniyo, Pumpkin, amene tikumupeza mu 1978 ali ndi zaka 9 mu Lusaka. Ndi mwana wa kunja kwa ukwati. Atate ake, amene amawachula kuti Tata, ndi munthu wolemera wokhala ndi banja lake lina. Amayi ake ndi cidakwa, ndipo kamtsikanaka kaphunzira kale kubisa mabotolo ndi kunamiza anansi. Tata atazindikira za moyo umenewu amutenga napita naye kufamu kwa mkazi wake wamkulu, Mama T, amene sanamufune. Caka ca 1978 ndi cimene ndege za asilikali a Ian Smith zinaphulitsa msasa wa Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka, pa 19 Okutobala, ndipo mabomba a nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe akumvekanso m'nthanoyi. Koma Banda-Aaku sakulola kuti mbiri ya dziko imeze mbiri ya mwanayo. Nkhondo imene Pumpkin akuidziwa bwino ndi ya pakhomo.

Cimene catikondweretsa n'cakuti Pumpkin si mwana wabwino. Amanama, ndipo mabodza ake amapweteka anthu osalakwa. M'gawo laciwiri tikumupeza ali mayi wophunzira, wa nchito yake ndi banja lake, koma nsanje yamudya kotero kuti afika pomenya mkazi amene akumuganizira kuti akuyenda ndi mwamuna wake, Tembo. Wowerenga amene anazolowera nthano zokhala ndi phunziro pamapeto adzasowa pogwira, cifukwa mlembi sakumuweruza Pumpkin ndipo sakumupepesera. Akungotionetsa mmene mwana woleredwa m'cinsinsi amakulira kukhala munthu wosakhulupirira aliyense, ndi mmene amakondera atate amene ndiwo gwero la mabala ake. Tata ndi mwamuna amene tonse timamudziwa: wopatsa, wansangala, wokondedwa ndi anthu, wofuna ngakhale upulezidenti, koma wosiya akazi osweka mtima kulikonse kumene wapita. Akazi a m'bukuli, m'malo momuimba mlandu iye, amadyana okhaokha. Ophunzira athu ena aakazi amakwiya nalo bukuli pa cifukwa cimeneci, amati likunyoza akazi. Ife tikuona kuti likunena zoona zimene alangizi ndi anamkungwi amazidziwa bwino, kuti mwambo wa kupirira m'banja umasungidwa ndi akazi, ndipo amene amalanga mkazi wosapirira kawirikawiri ndi akazi anzake.

Colakwika cake n'cakuti gawo laciwiri likuthamanga. Zaka zambiri zadumphidwa, ndipo sitikuona bwino mmene kamtsikana ka pafamu kanasandukira mayi wa m'tauni uja. Tembo ndi mthunzi cabe poyerekeza ndi Tata. Koma zimenezi sizicotsa ulemu wa bukuli.

Kalimamukwento, amene ndi loya, analandira mphoto ya Dinaane Debut Fiction Award cifukwa ca *The Mourning Bird*. Nayenso wapereka mawu kwa mtsikana, Chimuka, wa zaka 11, amene pamodzi ndi mlongo wake Ali atsala amasiye m'zaka za m'ma 1990. Abale amene anayenera kuwalera awazunza, ndipo anawo asankha misewu ya Lusaka, kumene akuleredwa ndi njala, mankhwala ozunguza bongo ndi zibonga za apolisi, kufikira Chimuka ayamba kugulitsa thupi lake. Tikaika bukuli pambali pa mabuku akale aja, tikuona kusintha kwakukulu. Mkazi amene kale akanachedwa wacimasomaso pacikuto, pano akutiuza yekha njira imene anadzera, khwerero ndi khwerero, ndipo pofika pamapeto liwu lakuti hule silikutulukanso msanga pakamwa pathu. Mlembiyu waonetsanso bwino mmene mabanja a nthawi imeneyo ankabisira dzina la matenda. Tonse tikukumbuka mawu ozungulira amene tinkagwiritsa nchito pamaliro: kaliwondewonde, matenda a masiku ano, anadwala nthawi yaitali. Mwana amamva mawu amenewa koma palibe womuuza tanthauzo lake, ndipo umbuli wa Chimuka ndiwo ukupweteka wowerenga koposa.

Dandaulo lathu ndi lakuti tsoka laculuka. Imfa itsatana ndi imfa, nkhanza itsatana ndi nkhanza, mpaka mtima wa wowerenga ucita dzanzi. Anthu a mumsewu amasekanso, amanyozana mwanthabwala, amakhala ndi masiku abwino. Nthabwala za m'Cinyanja ca mu Lusaka n'zakuthwa kwambiri, ndipo zikanapatsidwa malo okulirapo, mdimawo ukanaoneka wakuda koposa. Mu 2024 mlembi yemweyu analandira mphoto ya Drue Heinz cifukwa ca nthano zake zifupizifupi za *Obligations to the Wounded*, zimenenso zikukamba za akazi a ku Zambia, koma zimenezo n'zofuna nkhani yakeyake.

Za *The Old Drift* tinena mwacidule, osati cifukwa n'lopepuka, koma cifukwa ena alikamba kale kwambiri cilandirireni mphoto ya Arthur C. Clarke mu 2020. Ndi buku la masamba oposa 500, lotsata mabanja atatu m'mibadwo itatu, kuyambira pa agogo aakazi atatu: Sibilla wa ku Italy, Agnes wa ku England ndi Matha wa kuno. Kuyala mbiri ya dziko motsata agogo aakazi, amayi, kenaka ana, ndi nzeru imene Mcewa aliyense angaimve msanga, pakuti umo ndi mmene ife timawerengera mtundu. Matha watengedwa m'mbiri yeniyeni: ndi mtsikana uja wa m'gulu la Edward Mukuka Nkoloso, amene mu 1964 analengeza kuti adzatumiza anthu a ku Zambia kumwezi. Serpell akumusandutsa mayi amene misozi yake siuma kwa zaka makumimakumi. Cithunzi cimeneci n'camphamvu, koma cikumutsekanso pakamwa. Mtsikana wanzeru amene anaphunzira kuwerenga mobisa akukhala cizindikiro ca cisoni, ndipo ife tikanakonda kumva maganizo ake m'zaka zonsezo. Bukuli ndi la wowerenga wozama m'Cingerezi. Ngakhale ophunzira a pa yunivesite ambiri salimaliza.

Tsopano tibwerere ku funso la cinenero. Alembi onse anayi amawaza mawu a Cinyanja, Cibemba, Cilozi kapena Cimambwe m'Cingerezi cao, monga mcere m'ndiwo. Koma zimene zimatayika si mawu apaokha ayi, ndi malamulo a cinenero amene amanyamula maganizo a anthu pa za mkazi. Taonani mneni wa ukwati. M'Cinyanja mwamuna amakwatira, mkazi amakwatiwa. Wina ndi wocita, wina ndi wocitidwa, ndipo kusiyanaku kwakhala m'kati mwa liwu lenilenilo. Cingerezi cili ndi mneni mmodzi wa onse awiri, motero mtsikana wa m'nthano akamalankhula za ukwati wake m'Cingerezi amamveka ngati ali ndi mphamvu imene cinenero cake sicimupatsa. Ngakhale mkamwini, amene wasiya kwao n'kukakhala kwa mkazi, timati wakwatira. Liwu lakuti mkazi nalonso limatanthauza zinthu ziwiri, munthu wamkazi ndi mkazi wa munthu, ngati kuti ziwirizi n'cimodzi. Mlembi wa m'Cinyanja akhoza kusewera ndi zimenezi, kuzitsutsa kapena kuzipotoza. Wa m'Cingerezi sazikhudza n'komwe.

Dzina la Nasula likutipatsa citsanzo cina. Kwao kwa Sinyangwe, mphatikiram'mbuyo *Na-* akutanthauza mayi wa, ndiye kuti Nasula ndi amake Sula: dzina lake lenileni lamira m'dzina la mwana. Kwa ife Acewa *Na-* yemweyo timamuphatika ku mfunda, monga Nabanda kapena Naphiri, ndipo akuloza kumene mkaziyo anabadwira, osati amene iye anabala. Wowerenga wa ku Chiparamba akamva dzina lakuti Nasula akhoza kuganiza kuti ndi mfunda. Kusiyana kwakung'onoku kukuonetsa njira ziwiri zoonera mkazi, ndipo m'Cingerezi zonse ziwiri zimangokhala maina acilendo. Cimodzimodzinso maina a cibale: Cingerezi cimaphatikiza azakhali ndi amayi aang'ono m'liwu limodzi, atsibweni ndi atate aang'ono m'liwu linanso. Koma pa nkhani ya ana amasiye monga Chimuka, funso lakuti ndi mbale uti amene anawatenga, wa kucimuna kapena wa kucikazi, ndilo mutu wa mlandu wonse.

N'cifukwa ciyani tsono nthano zoterezi sizikulembedwa m'Cinyanja? Alembi salakwa posankha cinenero cimene cili ndi osindikiza ndi ogula. Kuyambira nthawi ya Publications Bureau, kudzera m'nthawi ya NECZAM ndi Kenneth Kaunda Foundation, buku la m'cinenero ca kuno lakhala likudalira sukulu: likasankhidwa kukhala la mayeso limagulidwa, likapanda kusankhidwa limafera m'nyumba yosungiramo katundu. Ndipo buku lofuna kulowa m'kalasi liyenera kukhala laulemu, lokhala ndi phunziro loonekeratu. Pumpkin wabodza uja ndi Chimuka wa mumsewu sangadutse pa cipata cimeneco mosavuta. Komatu anthu athu amakonda nthano zosabisa mawu. Amene anamvapo Julius Chongo pa wailesi m'pologalamu ya *Poceza m'Madzulo* akudziwa kuti Cinyanja cimatha kunyamula nkhani yaitali, yoseketsa ndi yoluma, ndipo midzi yathunthu inkasonkhana kuimvera.

Njira yapafupi ndi kumasulira, ndipo tikuganiza kuti dipatimenti ngati yathu ikhoza kuyamba ndi *A Cowrie of Hope*, popeza ndi lalifupi ndipo moyo wake ndi wodziwika kwa alimi. Womasulirayo adzakumana ndi zosankha zimene Sinyangwe sanakumane nazo. Cingerezi cili ndi mlowam'malo mmodzi wa munthu amene ukulankhula naye, pamene ife tili ndi *iwe* ndi *inu*. Nasula akamapempha thandizo kwa mlamu wake amene anamulanda cuma, mosakayika adzati inu, pakuti mwambo ukutero ngakhale mtima ukuwawa. Pamsika, poyamba kukambirana mtengo ndi Gode Silavwe, adzatinso inu, mwinanso bwana, cifukwa ca suti yake ndi galimoto lake. Koma pa tsiku limene amupeza wakubayo n'kumugwira pamaso pa anthu, womasulira ayenera kugamula ngati mayi wa kumudzi ameneyu adzapitiriza kunena kuti inu, kapena ngati kwa nthawi yoyamba m'moyo wake adzauza mwamuna wolemera kuti iwe, ndiponso pa ciganizo citi cenicenico pamene kusinthako kudzacitikire.